S81.0: nambala ya bala la pabondo, ndi amene amalipira ku Katondo

Munthu akagwa, bondo ndilo limayamba kufika pansi. Ku Katondo, imodzi mwa makomboni a tauni ya Kabwe m'dziko la Zambia, zogwetsa munthu sizisowa: njinga yosenza matumba a makala ikalowa m'dzenje, wilibala ikapendekeka, anyamata akamalimbirana mpira pabwalo la timiyala, kapena njinga yamoto ikaterereka m'matope a Januwale. Khungu la pabondo ndi lopyapyala ndipo pansi pake palibe mnofu wokwanira, choncho silichedwa kung'ambika. Wovulalayo amamanga kansalu n'kuyamba kutsimphina, ulendo wa ku kiliniki.

Kumeneko kumachitika zinthu ziwiri. Choyamba aliyense amachiona ndipo amachimva kuwawa kwake: kutsuka bala, kusoka, jakisoni, bandeji. Chachiwiri chimatenga kamphindi kochepa, ndipo wodwala sachilabadira n'komwe chifukwa maso ake ali pabondo: wachipatala amalemba mawu awiri kapena atatu m'kaundula kapena pa kompyuta. Pakatha milungu iwiri ulusi umachotsedwa, bala limapola, mwini bondo amaiwala. Mawu aja amapitiriza ulendo. Amafika ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Kabwe, ku unduna ku Lusaka, ku bungwe la inshuwalansi, mwinanso kukhoti. Kulikonse kumene afika, pali munthu amene amawawerenga kuti aone ngati atulutse ndalama kapena ayi.

Mayiko anagwirizana kalekale kuti nthenda iliyonse ndi kuvulala kulikonse kukhale ndi nambala yake. Mndandanda wa manambalawo umatchedwa ICD, ndipo umasungidwa ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, limene likulu lake lili ku Geneva. M'buku lachikhumi la mndandandawu, ICD-10, bala lotseguka la pabondo ndi S81.0. Chilembo S chimaimira kuvulala kwa chiwalo chodziwika cha thupi. Manambala oyambira 80 mpaka 89 ndi a bondo ndi mwendo wa m'munsi mwake. Pamenepo 81 ndi bala lotseguka, ndipo 0 wa kumapetoyo akuloza pabondo penipeni. Dokotala wa ku Tokyo amene sanamvepo zoti kuli Kabwe akaona S81.0 amadziwa chimene chachitika, ngakhale samva Chibemba, Chilenje kapena Chinyanja.

Chiyambi cha mndandandawu ndi maliro. Mu 1893, katswiri wowerengera anthu wa mumzinda wa Paris, Jacques Bertillon, anapereka mndandanda wa zinthu zimene zimapha anthu ku msonkhano wa International Statistical Institute ku Chicago, ndipo mayiko ambiri anautenga. WHO itakhazikitsidwa mu 1948 inalandira ntchitoyi, ndipo buku lachisanu ndi chimodzi linayamba kuwerengeranso matenda ndi kuvulala kwa anthu amoyo. ICD-10 inavomerezedwa mu 1990 n'kuyamba kugwiritsidwa ntchito mu 1994. Yatsopano, ICD-11, inavomerezedwa mu 2019 ndipo inayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2022, koma mayiko ambiri akadali pa yachikhumi, pakuti kusintha kumafuna makompyuta, maphunziro ndi ndalama. A inshuwalansi anabwera mochedwa m'nkhaniyi. Anapeza chida chowerengera akufa chili chikonzere, iwo n'kuchisandutsa chowerengera ngongole.

Bala si bala chabe

S81.0 ili ndi anansi ake, ndipo kusiyana kwawo n'kumene kuli nkhani yonse. Bondo likangotupa ndi kuda magazi m'kati khungu osang'ambika, imeneyo ndi S80.0. Kafupa kobulungira ka pamwamba pa bondo kakasweka, ndi S82.0. Bondo likaguluka kapena mitsempha yomanga mafupa ikaduka, nkhani yapita ku S83. Chilonda chakale chosapola cha pamwendo, chonga chimene chimavutitsa odwala shuga, sichili m'gulu la kuvulala n'komwe. Chili ndi nambala yake, L97. Ndiye pali T14.1, imene imangotanthauza bala lotseguka pamalo osatchulidwa. Imeneyi ndi nkhokwe imene kalaliki amaponyamo pepala lililonse pamene wachipatala wangolemba kuti bala, osanena kuti lili pati.

Wina anganene kuti izi ndi zotangwanitsa anthu a m'maofesi. Funsani dokotala wa mafupa. Bondo ndi malo amene mafupa amakumana m'kathumba kokhala ndi madzi oterera, ndipo kathumbako kali pafupi kwambiri ndi khungu. Bala looneka laling'ono, la msomali, waya kapena chitsulo cha njinga, likhoza kuboola mpaka m'kati mwa kathumbako. Zikatero dothi ndi tizilombo zalowa pamalo pamene thupi limavutika kudziteteza. Patapita masiku owerengeka bondo limatentha, limatupa, limadzaza mafinya, ndipo mafinyawo amadya chichereŵechereŵe cha mafupa mofulumira. Munthu amene anabwera akuyenda yekha atha kutsala ndi bondo losapindika moyo wake wonse. N'chifukwa chake pachipatala chachikulu, dokotala akakayikira, amajambula bondolo, ndipo nthawi zina amabaya madzi oyera a mchere m'kati mwake kumbali ina kuti aone ngati akutulukira pabala. Akatulukira, palibenso zongosoka: wodwala akupita ku fiyeta kukatsukidwa m'kati, n'kugonekedwa kuti alandire mankhwala opha tizilombo.

Mabala awiriwa, la pakhungu chabe ndi lofika m'kati, pamaso amafanana. Mtengo wake sufanana ngakhale pang'ono. Lina limatha ndi ulusi, magolovesi, mankhwala ochititsa dzanzi ndi bandeji. Linalo likufuna galimoto yopita ku Kabwe Central Hospital, chithunzi cha mafupa, fiyeta, bedi ndi masiku. Ngati pepala lotumizira wodwala silinena kuya kwa bala ndi chimene chinamubaya, amene akumulandira amayambanso pachiyambi, nthawi ikupita.

Nambala yachiwiri, imene imaiwalika

ICD siikhutira ndi kudziwa kuti pavulala ndi pati. Imafunsanso kuti chavulaza n'chiyani, ndipo yankho lake limakhala nambala yachiwiri. Kuterereka kapena kupunthwa n'kugwa ndi W01. Wopalasa njinga amene wagwa yekha osawombana ndi china ndi V18. Okwera njinga zamoto ali ndi gulu lawolawo, kuyambira V20 mpaka V29. Chida cha m'manja monga khasu kapena nkhwangwa ndi W27, galu ndi W54, ndipo munthu akabayidwa dala ndi mnzake ndi chinthu chakuthwa, ndi X99. Palinso posonyezera kumene ngozi yachitikira, kaya panyumba, pamsewu, pabwalo la masewera kapena kumgodi, ndi chimene munthuyo amachita nthawiyo, kuphatikizapo ngati anali pantchito yomupezetsa ndalama.

Nambala yachiwiriyi imasintha ndi chithandizo chomwe. Bala la galu nthawi zambiri silisokedwa msanga; limatsukidwa ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako n'kuganizira za katemera wa chiwewe. Bala la khasu kapena lililonse lolowa dothi limadzutsa funso la kafumbata, ndipo wachipatala ayenera kudziwa kuti wovulalayo anabayitsa liti katemera wake komaliza. Apa ndipatuke pang'ono: chizolowezi chothira dothi, phulusa, mafuta a mabuleki kapena madzi a m'batire pabala kuti magazi aleke chikadalipo m'makomboni ndi m'midzi yathu, kuno ku Zambia ndi ku Malawi komwe. Zonsezi zimapha minofu kapena kulowetsa tizilombo. Nsalu yoyera yopanikiza bwino imaletsa magazi kuposa zonsezo.

Makomo a ndalama

Khomo loyamba ndi kiliniki ya boma, kumene wodwala salipira. Boma la Levy Mwanawasa linachotsa malipiro m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi mu 2006, chaka chotsatira zinafalikira kumadera ena oyandikana ndi matauni, ndipo mu 2012, m'nthawi ya Michael Sata, chithandizo choyambirira chinakhala chaulere dziko lonse. Koma ulusi wosokera suchokera kumwamba. Umagulidwa ndi kugawidwa ndi ZAMMSA, bungwe la boma losunga mankhwala limene kale linkatchedwa Medical Stores Limited, ndipo ogula amayang'ana malipoti kuti adziwe zofunika. Mwezi uliwonse makiliniki amaphatikiza zimene zili m'makaundula n'kutumiza ku boma, kumene zimalowa mu dongosolo la pa kompyuta losungira malipoti lotchedwa DHIS2, ndipo zipatala zambiri zimasunganso mbiri ya wodwala pa kompyuta kudzera mu SmartCare. Mabala akalembedwa mosasamala kapena akapanda kulembedwa pa tsiku la mzere wautali, lipoti limasonyeza kuti anthu a deralo savulala kwenikweni. Katundu akachepa, amene amalowa m'thumba ndi wodwala yemweyo, atapatsidwa kapepala kokagulira ku famase.

Khomo lachiwiri ndi NHIMA, bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la National Health Insurance Act la 2018. Zopereka zinayamba kudulidwa chakumapeto kwa 2019, ndipo mamembala anayamba kulandira chithandizo mu Febuluwale 2020. Wolembedwa ntchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake, bwana wake n'kuwonjezera 1 peresenti ina. Membala akathandizidwa pachipatala chovomerezeka, chipatalacho chimatumiza pempho la malipiro, lonena kuti wodwala ndani, wapezeka ndi chiyani, ndipo wachitidwa chiyani. Wowerenga pempholo sanalione bondolo. Chimene amachita ndi kuyerekeza zinthu ziwiri: nthenda yolembedwa ndi chithandizo cholembedwa. Akaona kuti nthenda ndi kutupa chabe koma chipatala chikufuna ndalama za kusoka, amadabwa kuti asoka chiyani pamene khungu silinang'ambike. Akaona bala losatchulidwa malo koma pali chithunzi cha bondo ndi masiku anayi a pabedi, amabweza pepalalo. Nyuzipepala za ku Zambia zakhala zikulemba madandaulo a zipatala ndi mafamase ochedwa kulipidwa, ndipo zifukwa zake n'zambiri, zina zazikulu kuposa zolembalemba. Komabe pepala lobwezedwa chifukwa cha mawu osakwanira ndi vuto limene chipatala chingathe kudzichotsera chokha.

Khomo lachitatu ndi la ovulala pantchito. Lamulo la Workers' Compensation Act la 1999 limalamula olemba anthu ntchito kupereka ndalama ku Workers' Compensation Fund Control Board, imene likulu lake lili ku Ndola, kuti wantchito akavulala alipiriridwe chipatala ndi kulandira chipukuta misozi ngati walumala. Kabwe ndi tauni ya njanji, likulu la Zambia Railways, ndipo ili ndi mafakitale ndi mafamu ozungulira. Wantchito amene chitsulo chamung'amba bondo ali pa shifiti ali ndi ufulu umenewu. Koma ngati tsiku loyambalo pepala la kuchipatala linangoti wagwa, osanena kuti anali pantchito, miyezi ikadzapita bondo litakana kupindika adzakhala ndi ntchito yaikulu yotsimikizira kuti ngoziyo inachitikira kumeneko.

Khomo lachinayi limadutsira kupolisi. Wogundidwa ndi galimoto kapena wovulazidwa pa ndewu amatenga fomu ya lipoti la chipatala ku polisi, dokotala n'kulembapo zimene waona. Woweruza milandu ndi kampani ya inshuwalansi ya galimoto amadalira mizere yochepayo. Bala la masentimita 6 lofika pafupa ndi lina, kukalika pang'ono ndi kwina, ndipo chigamulo chimatsata zolembedwazo.

Tsono pali anthu amene khomo lachiwiri ndi lachitatu ndi otseka kwa iwo, ndipo m'makomboni ngati Katondo ndiwo ochuluka: wogulitsa tomato pamsika, wokankha wilibala, woumba njerwa, mnyamata wokumba miyala pa mulu wa zotsalira za mgodi umene anthu amautcha Black Mountain. Alibe bwana wowalembetsa ku Ndola, ndipo ngakhale lamulo limalola odzilemba okha ntchito kulowa NHIMA, kupereka mwezi ndi mwezi n'kovuta kwa munthu amene ndalama yake imabwera lero mawa ayi. Kwa amenewa kaundula wa kiliniki ndiye malo okhawo pamene kuvulala kwawo kumawerengedwa.

Kumene manambala anakula kuposa bala

Amene akufuna kuona kumene njira imeneyi imathera ayang'ane ku America. Kumeneko, kuyambira pa 1 Okutobala 2015, amagwiritsa ntchito ICD-10-CM, mndandanda wawo wofutukulidwa wokhala ndi manambala pafupifupi 70,000. S81.0 yathu ija anaigawagawa. Bala long'ambika lopanda kanthu m'kati pa bondo lamanja ndi S81.011, lamanzere ndi S81.012. Mukakhala galasi kapena mwala, la bondo lamanja ndi S81.021. Lobooledwa lili ndi yake, lolumidwa lili ndi yake. Kumapeto amawonjezera chilembo: A ngati wodwala akadalandira chithandizo chenicheni cha balalo, D ngati wabwera kudzaonetsa likupola, S ngati ndi vuto lotsalira pambuyo pake. Ntchito yosokayo ili ndi mndandanda winanso, CPT, umene umalipiritsa potengera kutalika ndi kuvuta kwa bala: kusoka wamba kwa bala losapitirira masentimita 2.5 ndi 12001, kuyambira 2.6 mpaka 7.5 ndi 12002. Dokotala wa kumeneko amasoka ali ndi rula pambali.

Ubwino wake ulipo, pakuti palibe chobisika pa zimene zachitika. Koma walira mvula walira matope. Malipiro akamatsata nambala, nambala imayamba kutsata malipiro. Bala wamba limalembedwa ngati lovuta, masentimita amatalika papepala, ndipo a inshuwalansi nawo amalemba ntchito gulu la anthu ofufuza zifukwa zokanira. Zipatala za ku America zili ndi maofesi athunthu a anthu amene sanagwirepo wodwala, ntchito yawo kulimbana ndi anzawo a mbali inayo pa chilembo chimodzi. Dziko limene anamwino ake ndi operewera silingakwanitse nkhondo yotereyi, ndipo siliyenera kuisirira.

Chitsanzo chapafupi ndi South Africa, kumene kuyambira mu Julaye 2005 pempho lililonse lopita ku mabungwe olipirira chipatala liyenera kukhala ndi nambala ya ICD-10, ndipo ya kuvulala iyenera kutsagana ndi ya chimene chavulaza. Abale athu ogwira ntchito ku Johannesburg amene ali pa mabungwe otere amadziwa kuti nambala ikasowa, bilu imabwerera kwa iwo. Ku Malawi, amene ali pa bungwe lolipirira chipatala la MASM nawonso amaidziwa fomu imene dokotala amalembapo nthenda wodwala asanasaine. Ine ndikuona kuti muyeso wa ku South Africa ndi wokwanira kuno kwathu: nambala ziwiri zolondola, chavulala ndi chavulaza, popanda kuwerengera chilembo chilichonse ngati ku America.

Kabwe akudziwa mtengo wa kusalemba

Pali chifukwa china chimene nkhani ya makaundula iyenera kumvekera kwambiri m'tauni imeneyi kuposa kwina. Kabwe, amene mpaka 1966 ankatchedwa Broken Hill, anakulira pa mgodi wa mtovu ndi zinki umene unagwira ntchito kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mpaka 1994. Fumbi la mtovu linatsala m'nthaka ya makomboni ozungulira, ndipo Katondo amatchulidwa pamodzi ndi Kasanda, Chowa ndi Makululu pakati pa madera okhudzidwa. Mtovu umalowa m'thupi makamaka kudzera pakamwa ndi popuma, osati pabala, choncho mwana wokalika bondo pabwalo choopsa chake cha tsikulo ndi kafumbata ndi mafinya. Koma mwana yemweyo, amene amasewera m'fumbi tsiku lonse n'kudya ndi manja osasamba, ndi amene mtovu umamuwononga ubongo mwakachetechete. Poizoni wa mtovu nayenso ali ndi nambala yake mu ICD-10, T56.0.

Mu 2019 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lonena za Kabwe, ndipo mwa zina linapeza kuti panalibe kaundula wotsata ana amene anagonekedwa kapena kumwalira chifukwa cha mtovu. Nambala inalipo m'buku la ku Geneva, koma popanda zipangizo zoyezera magazi panalibe woilemba. Mu 2020 maloya anakasuma kampani ya Anglo American South Africa ku khoti lalikulu la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi a ku Kabwe, amene osumawo akuti ndi pafupifupi 140,000. Kampaniyo ikukana kuti ili ndi mlandu. Mu Disembala 2023 khotilo linakana kuti mlanduwo upitirire ngati wa gulu, ndipo osumawo anachita apilo. Mlandu wotere, kaya uthera pati, umadalira zolembedwa: ndani anayezedwa, liti, anapezeka ndi chiyani.

Bala la pabondo ndi laling'ono poyerekeza ndi zimenezo, koma lamulo lake ndi lomwelo. Ngati makaundula a makiliniki a ku Kabwe atamasonyeza bwino kuti ovulala ambiri ndi a njinga zamoto, kapena kuti akuchokera pa msewu umodzi wokumbika, kapena pa mulu wa kumgodi, khonsolo ndi aphungu angakhale ndi poyambira, ndipo anthu angakhale ndi chowafunsira. Mawu akuti bala okha sauza aliyense kuti akonze chiyani.

Sitinganamizire wachipatala amene waona odwala ochuluka dzuwa lisanafike pamutu kuti ndi waulesi. Mabuku ndi ambiri, manja ndi ochepa, magetsi akazima kompyuta imakhala chete ndipo zolemba zimabwerera papepala. Nambala yeniyeniyo si ntchito yake kuiloweza. Akalaliki a zolemba za chipatala anaphunzira zimenezo. Koma kalaliki sangaike nambala pa zimene sizinalembedwe. Chofunika kwa wosokayo ndi mzere umodzi wokwanira, wonena kuti ndi bondo liti, bala ndi lotalika ndi lakuya bwanji, munali kanthu m'kati kapena ayi, ndipo chavulaza n'chiyani. Unduna nawo uyenera kuona akalaliki amenewa ngati antchito ofunika, osati oyamba kuiwalika polemba anthu ntchito.

Ndipo inu amene mudzapezeke pa benchi ya kiliniki mutamanga kansalu pabondo, kapena mutaperekeza mwana, musangoti ndagwa. Fotokozani kuti mwagwera pati, chakubayani n'chiyani, nthawi yanji, ndipo ngati munali pantchito nenani tsiku lomwelo, mupemphe kuti zilembedwe. Funsani za katemera wa kafumbata ndi tsiku lochotsa ulusi, pakuti wa pabondo umakhala masiku 10 mpaka 14. Bondo likayamba kutentha, kutupa kapena kukana kupindika, bwererani msanga osadikira tsikulo. Pepala lililonse limene mwapatsidwa, lisiti la ku famase lomwe, lisungeni.